Njira yozungulira pamwamba pa Phiri la Zomba

Pamwamba pa Phiri la Zomba pali njira ya oyenda pansi yomwe imayambira pa hotela ya Ku Chawe n'kudzathera pomwepo. Njirayi imatsata mtsinje wa Mulunguzi chokwera, imatulukira m'madambo ndi m'malo a udzu, imafika m'mphepete mwa phiri pomwe munthu amaona mzinda wonse uli pansi, kenaka imatsikira ku damu la Mulunguzi. Wapaulendo wosathamanga amaimaliza pa theka la tsiku kapena kupitirirako pang'ono, ndipo sabwerera m'mapazi ake.

Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira m'chaka cha 1913, ndipo likuyang'aniridwa ndi nthambi yoona za nkhalango. Nsonga yake yaitali kwambiri, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Pamwamba pake si pafulati monga ambiri amaganizira akamaliona ali mumsewu wochokera ku Blantyre. Pali ngati beseni: m'mbali ndi mokwera, pakati ndi polowa, ndipo madzi ambiri a mvula yogwa m'besenimo amasonkhana mumtsinje wa Mulunguzi. Madzi omwe amatuluka m'mipopi ya mumzinda wa Zomba amachokera m'menemo.

Chigawo choyamba cha ulendo n'chozizira komanso cha mthunzi. Kuchoka pa Ku Chawe, njira imalowa m'mbali mwa mtsinje n'kudutsa pa mathithi a Mandala, pamalo omwe adakonzedwa kuti aziweterapo nsomba za trout, mpaka pa mathithi a Williams. Kuno ndi komwe kudatsala nkhalango yachilengedwe, ya mitengo yosayoyola masamba chaka chonse, yokutidwa ndi ndere ndi zomera zoyanga. Nkhalangoyi ndi yopapatiza, imangotsata madzi. Munthu akapatuka pang'ono amapezeka ali m'munda wa paini, mitengo yomwe kwawo ndi ku Mexico ndipo idabzalidwa kuno kuti izipereka matabwa. Kusiyana kwake kumamveka ndi m'khutu momwe. M'paini muli zii, pansi pali masamba ouma okhaokha. M'nkhalango yachilengedwe mbalame sizileka kulira, ndipo nthawi zina nchima zimadumpha m'nthambi. Mwa mbalame za m'phirimu muli kena kakang'ono ka khosi lachikasu, ka mtundu wa apalis, komwe sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje. Sikakhala m'paini. Nkhalango yachilengedwe ikatha, nako katha.

Kupitirira mathithi a Williams njira imakwera molunjika ku damu laling'ono la Chagwa, ndipo mitengo imayamba kuchepa. Apa ndi pomwe wapaulendo amakumana ndi udzu wa m'phiri. Ambiri amauyesa malo ogumuka omwe akudikira kubzalidwa mitengo, koma si choncho. Udzu wa pamwamba pa mapiri ndi chilengedwe pachokha, uli ndi maluwa akeake omwe amaphuka mvula ikayamba, ndipo mizu yake yolukanalukana imagwira nthaka ndi kusunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Malo ogumukadi amadziwika ndi zitsa zakuda. Nawonso alipo ambiri m'njirayi, chifukwa minda ya paini idadulidwa kwambiri, ina mwalamulo, ina mwakuba, ndipo moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza mbande zisadakule.

Malo awiri oonerapo patali ali moyandikana m'mphepete mwa phiri. Queen's View adatchulidwa pokumbukira ulendo wa mayi a Mfumukazi Elizabeth II mu 1957, pomwe Emperor's View akukumbutsa za Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia yomwe idafika kuno mu 1965. Kukakhala kuti kwayera, munthu amaona nyanja ya Chilwa, chigwa cha Phalombe ndi Phiri la Mulanje. Pansi penipeni pali mzinda womwe udali likulu la dziko lino mpaka 1975. Woima pamenepa amamvetsa msanga chifukwa chomwe anthu a ku Zomba saiwalira Napolo wa mu Disembala 1946, pamene mvula yamphamvu idagumula mbali za phiri, madzi ndi miyala n'kutsikira mumzinda, kukokolola milatho ndi kupha anthu. Nyumba zili m'tsinde mwenimweni mwa phompho.

Kuchoka apo njira imatsika mpaka pa damu la Mulunguzi, lomwe lidamalizidwa cha m'ma 2000 ndipo likuyendetsedwa ndi bungwe la Southern Region Water Board. Pa damu ndi pa Ku Chawe ndi pafupi. Dzenje la Chingwe, lomwe limatchuka ndi nthano zoti kale ankaponyamo anthu, lili kuzambwe kwa phiri moyang'ana chigwa cha Shire, kunja kwa njirayi, ndipo limafuna tsiku lakelake.

Nyengo yabwino yoyenda ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha koma utsi wa moto usadaphimbe mlengalenga. Ngakhale zili choncho, mu Juni ndi Julaye chiperoni chimatha kubwera mwadzidzidzi, nkhungu n'kutseka njira moti munthu saona ndi mtengo womwe uli patsogolo pake. Juzi ndi yofunika ngakhale kumzinda kukutentha. M'dzinja miyala ya pa mathithi imaterera kwambiri.

Vuto lalikulu kwa mlendo si kutalika kwa ulendo ayi, koma kuchuluka kwa tinjira. Ocheka matabwa ndi otola nkhuni adapanga tinjira tawo tambirimbiri topingasa njira yeniyeni, ndipo mapu akale amasonyeza nkhalango pomwe lero pali poyera. N'chifukwa chake ndi bwino kutenga mmodzi mwa olondolera alendo omwe amapezeka pafupi ndi hotela, mutagwirizana mtengo musadanyamuke. Madzi akumwa ndi kamba zichokere kumunsi, ngakhale m'nyengo yake anthu a m'midzi yozungulira amagulitsa masitiroberi ndi zipatso zina m'mbali mwa msewu wokwera phirilo. Anyani asapatsidwe chakudya, chifukwa akazolowera amayamba kulanda. Kusonkha moto m'tchire ndi kudula mtengo popanda chilolezo ndi milandu pansi pa lamulo la za nkhalango la 1997.