Gawo la Banja ndi Abwenzi pa Kuchepetsa Thupi

Kwa nthawi yaitali kunenepa kopitirira muyeso kunkaonedwa ngati mlandu wa munthu mmodzi: wadya yekha, achepetse yekha. Koma m'makomo ambiri a kum'mwera kwa Africa munthu sadya yekha. Nsima imaphikidwa mumphika umodzi, ndiwo zimathiridwa mafuta kamodzi, ndipo kawirikawiri amene wauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi si amene amagwira mthiko kapena kupita kumsika. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo akhala akufufuza ngati kulowetsamo achibale ndi abwenzi kumathandiza. Zimene apeza n'zakuti kumathandizadi, makamaka pamene enawo nawonso akusintha kadyedwe ndi kakhalidwe kawo.

Kukula kwa vutoli

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito muyeso wa BMI, womwe umayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Munthu wamkulu wotalika mamita 1.6 akafika makilogalamu 64, BMI yake ndi 25, ndipo wayamba kupitirira muyeso. Akafika makilogalamu 77, BMI yake ndi 30, ndipo amawerengedwa kuti ndi wonenepa kwambiri. Malinga ndi bungweli, m'chaka cha 2022 akuluakulu 2.5 biliyoni anali opitirira muyeso. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2016 ku South Africa anapeza kuti amayi 68 pa 100 alionse ndi abambo 31 pa 100 alionse anali m'gululi, pomwe ku Malawi kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza amayi 21 pa 100 alionse. Vutoli limakolezera matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima.

Zimene kafukufuku wapeza

Mu 2007 Nicholas Christakis ndi James Fowler anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya New England Journal of Medicine. Iwo anaunika mbiri ya anthu 12,067 a mu kafukufuku wa matenda a mtima wa m'tauni ya Framingham ku America, kuyambira 1971 mpaka 2003. Anapeza kuti munthu akanenepa kwambiri, chiopsezo choti bwenzi lake linenepenso chinkakwera ndi 57 peresenti, m'bale wake wobadwa naye ndi 40 peresenti, mwamuna kapena mkazi wake ndi 37 peresenti. Kwa woyandikana naye nyumba chabe sikunaoneke kusintha. Ofufuzawa anaganiza kuti munthu amatengera kwa okondedwa ake maganizo a kukula kwa thupi kumene kuli koyenera.

Si onse amene anavomereza. Mu 2008 Ethan Cohen-Cole ndi Jason Fletcher anasonyeza kuti kawerengedwe kotereka kangathe kuonetsanso ngati abwenzi amapatsirana ziphuphu zakumaso, litsipa, ngakhalenso msinkhu. Mfundo yawo inali yomveka: anthu ofanana amakondana, ndipo amagula chakudya m'misika imodzi. Choncho umboni wodalirika kwambiri ndi wochokera kumene madokotala anayesa dala kulowetsamo achibale.

Kuyesa kodziwika bwino ndi kwa Rena Wing ndi Robert Jeffery, komwe zotsatira zake zinatuluka mu 1999. Anthu 166 analowa m'ndondomeko ya miyezi inayi yochepetsa thupi, ena okha, ena limodzi ndi anzawo kapena achibale atatu. Mwa amene anabwera okha n'kulandira uphungu wamba, 76 pa 100 alionse anamaliza, ndipo 24 pa 100 alionse okha ndiwo anali asanabwerere m'mbuyo pofika mwezi wakhumi. Mwa amene anabwera ndi anzawo n'kupatsidwa ntchito zochitira limodzi, 95 pa 100 alionse anamaliza, ndipo 66 pa 100 alionse sanabwerere m'mbuyo.

Komabe kungoperekezedwa sikukwanira. Shiriki Kumanyika ndi anzake anatsatira anthu akuda 344 a mumzinda wa Philadelphia kwa zaka ziwiri, ndipo mu 2009 anaulula kuti kulembetsa ndi wachibale pakokha sikunabweretse kusiyana. Amene anapindula ndi omwe anzawowo ankafikadi kumaphunziro n'kumachepetsanso thupi lawo. Phindu limapitanso mbali inayo. Mu 2008 Amy Gorin anapeza kuti amuna ndi akazi a odwala shuga omwe anali pa ndondomeko ya Look AHEAD anatsika ndi makilogalamu 2.2 m'chaka chimodzi, ngakhale kuti iwo sanalandire uphungu uliwonse. Chimene chinasintha ndi zakudya zopezeka m'nyumba.

Kuonda ndi manong'onong'o

M'chigawo chino muli chopinga chimene kafukufuku wa ku America sanakumane nacho. Ku Malawi ndi ku Zambia mawu akuti "mwanenepa" ndi chiyamikiro. Amatanthauza kuti ntchito ikuyenda, mtima uli m'malo, ndipo ngati ndi mayi wapabanja, mwamuna wake akumusamala. Pamwamba pa izi panabwera Edzi, yomwe m'zaka za m'ma 1990 inapangitsa kuti aliyense woonda aziyang'anidwa ndi diso lokayika. Thandi Puoane wa pa University of the Western Cape, yemwe wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town, anapeza kuti amayi ambiri ankaona thupi lalikulu ngati chizindikiro cha ulemu ndi thanzi, ndipo ankaopa kuti akaonda anthu aziti ali ndi kachilombo. Ngakhale alangizi a zaumoyo a m'deralo, ambiri mwa iwo anali opitirira muyeso.

Apa ndi pamene banja limafunika koposa. Mayi amene wayamba kutsika thupi apongozi ake asakudziwa chifukwa, sachedwa kufunsidwa ngati akudwala kapena ngati banja lavuta, ndipo ambiri amasiyira pomwepo. Koma akafotokozeredwa poyamba kuti ndi malangizo a kuchipatala chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi, achibale omwewo ndi amene amayankha ofunsa pa ukwati, pa maliro ndi kutchalitchi, komwe kukana mbale yachiwiri kumaoneka ngati mwano.

Zimene a m'nyumba angachite

Cholinga sichiyenera kukhala chachikulu. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapempha anthu omwe anali pafupi kudwala shuga kuti atsike ndi 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo cha matendawa chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, kumeneku ndi kutsika ndi makilogalamu pafupifupi 6 okha.

Zambiri zofunika zili m'manja mwa wophika ndi wogula: kuyeza mafuta ndi supuni m'malo mongokhuthula m'botolo, kuchepetsa shuga wa mu tiyi, kuchulutsa masamba ndi nyemba m'mbale, kubwerera ku mgaiwa, ndi kusasunga zakumwa zotsekemera m'nyumba. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Kuphikira munthu mmodzi mphika wakewake kumadya makala ndi nthawi, ndipo kumamusandutsa wodwala pakati pa abale ake. Kusintha mphika wa onse n'kotchipa, ndipo kumakhalitsa. Pa nkhani yoyenda, bwenzi logogoda pachitseko m'mamawa limaposa malangizo alionse.

Chosathandiza ndi chipongwe. Mu 2006 Rebecca Puhl ndi Kelly Brownell anafunsa anthu onenepa za amene amawanyoza kawirikawiri, ndipo achibale ndi madokotala ndiwo anatchulidwa kwambiri. Ambiri anati akanyozedwa amadya mowonjezera. Wachibale amene amawerenga nthongo za mnzake iye akudya chipisi sakuthandiza, ngakhale atanena kuti akuchita mwachikondi.

Ana sayenera kumanidwa chakudya ngati akuluakulu. Kwa iwo n'kokwanira kuti mphika wa banja ukhale wabwino. Amayi oyembekezera ndi anthu amene akumwa mankhwala a shuga afunse kaye kuchipatala asanachepetse chakudya, popeza shuga wa m'magazi angatsike mopitirira. Ndipo munthu amene akuonda popanda kusintha kadyedwe ayenera kuperekezedwa kukayezetsa, chifukwa TB, HIV ndi matenda a shuga omwe amayamba motero.