Takisi ya ndege

Pa Kacholola, m'mbali mwa msewu wa Great East, takisi ndi galimoto yonyamula anthu kupita ku Nyimba kapena ku Petauke. Kwa oyendetsa ndege, mawu omwewa amatanthauza kuyenda kwa ndege pang'onopang'ono ndi matayala, isananyamuke kapena itangotera. Njira yake amaitcha taxiway, ndipo mizere yake ndi yachikasu, pomwe ya msewu wonyamukira ndi yoyera. Lamuloli ndi la dziko lonse lapansi, kuphatikizapo mabwalo a Lusaka ndi Mfuwe.

Kufunika kwa zizindikiro zotere kunaoneka pa 8 Okutobala 2001, pabwalo la Linate ku Milan. Kunali chifunga ndipo zizindikiro zapansi zinali zosokoneza. Kandege ka Cessna kanasochera n'kulowa mumsewu wa ndege ya kampani ya SAS yomwe inali pa liwiro lonyamuka. Zinawombana, anthu 118 anafa.