Magemu akale ndi msewu wa pa Mwanza

Amene anaimapo pa chipata cha Mwanza basi ya ku Joni ikutsitsa katundu amadziwa kuti m'zikwama zija mumakhala zambiri: mabulangete, mapoto, mafoni, ndipo pakati pa zovala pamapezeka PlayStation yogwirapo ntchito, yokulungidwa bwino kuti isasweke. Kale a ku Theba ankabwera ndi wailesi ndi njinga. Zidzukulu zawo zimabwera ndi gemu.

Makina amenewa anayambira kutali. Atari 2600 inatuluka ku America mu 1977, ndipo mu 1983 kampani ya Nintendo inatulutsa Famicom ku Japan, yomwe inadzatchuka ndi Super Mario Bros. mu 1985. Kwathu kuno zonsezi zinatipitirira. Dziko linalibe wailesi ya kanema mpaka TVM itatsegulidwa mu 1999, ndipo msewu wa ku Tete unali woopsa chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique. Nthawi imeneyo Mwanza inkalandira anthu othawa nkhondo, osati zoseweretsa. Mtendere utabwera mu 1992, njira ya pa Zobue inatseguka, amalonda n'kuyamba kupita kukaoda.

Chimene chinatifikira si Nintendo yeniyeni ayi, koma makina otengera, opangidwa ku China ndi ku Taiwan, amene tinkangowatchula kuti TV gemu. Makaseti ake anali achikasu, ena olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, pamene ndi ochepa omwewo obwerezabwereza. Komatu chimwemwe chake chinali chenicheni. Nyumba imodzi ikakhala ndi sikirini, ana a m'dera lonse ankadzaza pakhonde, kudikira kuti Mario agwere m'dzenje kuti padi ipite kwa wina. Kaseti ikakana tinkaiuzira ndi pakamwa. Panalinso kamfuti kowombera abakha, ndi Contra ya anthu awiri imene inkayanjanitsa ngakhale ana okangana. Kumidzi kopanda magetsi kunafika brick game ya mabatire, yotengera Tetris imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984.

Kenako inafika PlayStation 2. Inatuluka mu 2000, inagulitsidwa yoposa 150 miliyoni pa dziko lonse, ndipo pofika 2013 anali atasiya kuipanga. Eni ake kunja atayamba kugula PlayStation 3 ndi 4, yakaleyo inatsikira kuno ngati kaunjika, n'kusanduka bizinesi. Mnyamata amachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, amaika mabenchi, sikirini ndi mapadi awiri, ana n'kumalipira pa mpira uliwonse wa FIFA kapena PES. Amasankha Arsenal, Chelsea kapena Barcelona, poti Bullets ndi Wanderers mulibemo. Apa ndiyamike okonza mawailesi athu, amene amachotsa batani pa padi yakufa n'kudzutsira nayo ina. Popanda iwo makina ambiri akadafa chaka chimodzi chisanathe.

Mafoni ndiwo anadzasintha zinthu, kuyambira kanjoka ka pa Nokia mpaka magemu a pa Android.

Kunja nkhani inayenda mwina. Ku America anthu amalawirira Loweruka kuzungulira nyumba zimene eni ake ayala katundu wakale pabwalo kuti agulitse, kusaka makaseti amene ankasewera ali ana. Msika wake unakula zedi, moti mu 2021 kaseti yosatsegula ya Super Mario 64 inagulitsidwa pa okushoni madola 1.56 miliyoni. Ife sitinasunge. Si kusasamala, koma chinthu chimene chafika kale chili chakale chimagwira ntchito mpaka chitatheratu, kenako ana n'kuchiphwasula kufuna mawaya.

Zimandiwawa kuti mbiri ya ubwana wa m'badwo wathunthu ikutayidwa kudzala. TV gemu ya makaseti achikasu ija sidzagulidwa mamiliyoni, koma imafotokoza nthawi imene malire anatseguka ndi mmene ana a kuno anayambira kugwira makina a kompyuta. Ngati muli nayo pansi pa bedi, ipukuteni, muiike pouma, ndipo brick game muichotse mabatire asanawukhe. Sikirini yachikale ya chimsana ija musaitayenso, chifukwa kamfuti ka abakha sikagwira pa masikirini opyapyala a masiku ano.