Gamma-decalactone: fungo la mapichesi lochokera ku nsatsi

Gamma-decalactone ndi mankhwala achilengedwe amene amathandiza kwambiri kuti mapichesi akupsa azinunkhira momwe amanunkhirira. Amapezekanso m'zipatso za apurikoti ndi sitiroberi. Molekyu yake ili ndi maatomu 10 a kaboni, ndipo makampani amathira mankhwalawa mu yogati, m'zakumwa, m'maswiti ndi m'mafuta odzola.

Mitundu iwiri ya molekyu

Molekyuyi ilipo mitundu iwiri, wa R ndi wa S. Maatomu ake ndi omwewo, koma kayalidwe kake n'kosiyana monga dzanja lamanja ndi lamanzere. Louis Pasteur ndiye anayamba kulekanitsa mitundu yotereyi mu 1848, pofufuza timibulu ta mchere wa tartaric acid ku Paris. Mphuno ya munthu imatha kuzindikira kusiyanaku. Mwachitsanzo, mtundu wina wa mankhwala a carvone umanunkhira minti, pamene unzake umanunkhira njere za caraway. M'mapichesi, wochuluka kwambiri ndi mtundu wa R. Akatswiri akapanga gamma-decalactone posakaniza mankhwala wamba, mitundu yonse iwiri imatuluka theka ndi theka.

Ntchito ya maenzayimu

Maenzayimu ndi mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi la chamoyo. Nawonso ali ndi mbali yawoyawo, choncho amasankha molekyu yoti agwire ndiponso malo oti aidulire.

Njira yotchuka yopangira gamma-decalactone ndi maenzayimu imayambira pa mafuta a nsatsi, amene dziko la India limapanga ochuluka kuposa mayiko onse. Pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a asidi wa m'mafutawa ndi ricinoleic acid, unyolo wa maatomu 18 a kaboni wokhala ndi okosijeni pa kaboni ya nambala 12, woyalidwa kale mu mtundu wa R.

Mafutawo amawathira m'thanki momwe muli yisiti yotchedwa Yarrowia lipolytica, n'kumatakasa ndi kulowetsamo mpweya. Maenzayimu a lipase amamasula asidi uja m'mafuta. Kenako maenzayimu ena amadula unyolo, makaboni awiriawiri, maulendo anayi, mpaka patsale 10. Kaboni ya nambala 12 ija tsopano yasanduka ya nambala 4, koma kayalidwe kake sikanakhudzidwe. Madzi a m'thankimo akawawawasitsa ndi asidi n'kuwatenthetsa, unyolo umapindika n'kudzitseka, ndipo fungo la mapichesi limamveka.

Zovuta ndi phindu

Mankhwalawa akachuluka m'thanki amafooketsa yisiti, komanso yisitiyo imatha kuyambanso kuwadya. N'chifukwa chake opanga amayesetsa kuwachotsamo msanga kapena kusankha yisiti yosawononga zomwe yapanga.

Ngakhale zili choncho, njirayi ndi yaphindu. Siifuna moto wambiri, ndipo imatulutsa mtundu womwewo wa m'chipatso. Lamulo la European Union nambala 1334/2008 limalola kuti zonunkhiritsa zopangidwa ndi maenzayimu kapena tizilombo kuchokera ku zomera zitchedwe zachilengedwe, ndipo zoterezi zimagulidwa pa mtengo wokwera kuposa zopangidwa ndi mankhwala wamba.