MFUMU AKBAR NDI NYUMBA YA MAPEMPHERO

Mwa mafumu onse amene analamulira dziko la India, ndi owerengeka amene anabvutika mumtima ndi nkhani ya Mulungu monga Akbar. Iye anabadwa m'caka ca 1542, nalowa ufumu m'caka ca 1556 ali mnyamata wa zaka 13, atate wace Humayun atafa ndi kugwa pa makwerero a nyumba ya mabuku ku Delhi. Banja lace linali la Cisilamu, koma unyinji wa anthu ace unali wa Ahindu. Codabwitsa ndi cakuti mfumuyi sinadziwa kuwerenga. Inali ndi anthu oiwerengera mabuku tsiku ndi tsiku, ndipo cimene yamva kamodzi sinali kuciiwala msanga.

Ali mnyamatabe, Akbar anaonetsa kuti mtima wace sunali monga wa mafumu ena. M'caka ca 1562 anakwatira mwana wa mfumu ya Cihindu ya ku Amber, osamkakamiza kutaya cipembedzo ca makolo ace. M'caka ca 1563 anathetsa msonkho umene Ahindu anali kupereka popita ku malo ao opatulika, ndipo caka cotsatira anathetsanso msonkho wochedwa jizya, umene unali kugwera yense wosakhala Msilamu. Koma asayese munthu kuti anali wofatsa ngati nkhosa. M'caka ca 1568, atalanda linga la Chittor, analamula kuti anthu a m'lingamo aphedwe, ndipo alembi a masiku amenewo anena kuti anafa ngati 30,000. Mwaziwo uli pa dzina lace kufikira lero.

Cinthu cimodzi cinamsautsa: analibe mwana wamwamuna wamoyo wodzalowa ufumu. Tsono anapita kwa nkhalamba yopemphera, Shaikh Salim Chishti, imene inali kukhala pa phiri la Sikri, ndipo nkhalambayo inamlonjeza ana. Mwana atabadwa m'caka ca 1569, Akbar anamucha Salim, nayenda pansi kucokera ku Agra kufikira ku Ajmer kukayamika. Pambuyo pace anamanga mzinda watsopano pa phiri lomwelo, ndiwo Fatehpur Sikri. M'mzinda umenewu, m'caka ca 1575, anamangitsa nyumba yochedwa Ibadat Khana, ndiko kunena Nyumba ya Mapemphero.

Usiku wa Lacinai liri lonse mfumu inali kukhala m'nyumbamo ndi aphunzitsi a Cisilamu kuti imve za Mulungu. Zimene inapeza zinaikhumudwitsa. Asanayambe n'komwe za Mulunguzo, akuluwo anayamba kulimbirana pokhala, yense nafuna malo aulemu, kotero kuti mfumu yomwe inagawa mbali zinai za nyumbayo, gulu liri lonse mbali yace. Atakhala pansi, cimene uyu anati ncololedwa, uyo anati ncoletsedwa, nafika pa kutukwanana. Akbar anayamba kudzifunsa ngati coonadi conse cingakhale m'manja mwa anthu otere okha.

M'caka ca 1578 kunacitika cinthu cimene alembi sagwirizana pocimasulira. Mfumu inali pa uzimba waukulu pafupi ndi Bhera, anthu atazinga nyama masiku angapo. Nthawi ya kupha itayandikira, Akbar anagwidwa ndi cinthu mumtima ali patsinde pa mtengo. Analetsa uzimbawo, nalamula kuti nyama zonse zimasulidwe, nadula tsitsi lace, nagawira osauka golidi. Caka comweco zitseko za Ibadat Khana zinatsegukira onse. Akulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Akbar anafuna kuyesa kalumo ka mlendo ali yense. Kunabwera ansembe a Cihindu. Kunabwera Dastur Meherji Rana wa ku Navsari, wa cipembedzo ca Aparsi, amene asunga moto wopatulika wosazima. Pambuyo pace kunabweranso Hiravijaya Suri, mkulu wa Ajaini, anthu oopa kupha ngakhale nyerere, ndipo cifukwa ca iye mfumu inaletsa kupha nyama masiku ena a caka.

Akbar anatumizanso mithenga kwa Apwitikizi ku Goa kupempha aphunzitsi a Cikristu. Goa yemweyo ndiye anatumiza wansembe Gonçalo da Silveira ku dziko la Mwene Mutapa, kumwera kwa Zambezi, kumene anaphedwa m'caka ca 1561. Tsono m'caka ca 1580 anafika ku Fatehpur Sikri ansembe atatu a gulu la Ajezuiti: Rodolfo Acquaviva, Antonio Monserrate ndi Francisco Henriques. Anampatsa Baibulo wa mabuku akuluakulu wolembedwa m'zinenero zingapo. Mfumu ya Cisilamuyo inampsompsona, nimuika pamutu pace, nipereka mwana wace Murad kwa Monserrate kuti amphunzitse.

Ansembewo anayesa kuti nsomba yalowa m'mono. Iwo anadzera kutembenuza, pamene mfumu inawaitanira kumva, ndipo mbali ziwirizi sizinamvane konse pa cimeneci. Akbar sanakhutire ndi ciphunzitso ca Utatu, ndiponso sakadalola kucotsa akazi ace ndi kutsala ndi mmodzi. Pa mtsutso ansembewo anali kunena mau olasa za Mneneri Muhammad, kufikira mfumu inawacenjeza kuti agwire lilime, pakuti anali kudziitanira imfa. Komabe inawachinjiriza, niwalola kukhala ndi kanyumba kao kopemphereramo.

Ufulu umenewu unali ndi mtengo wace. M'caka ca 1580 akazembe a ku Bengal ndi Bihar anampandukira, ndipo woweruza wina wa Cisilamu ku Jaunpur analengeza kuti kuukira mfumu yotere sikucimwa. Akbar anawagonjetsa, napitirira ndi njira yace, imene nduna yace Abul Fazl anaicha sulh-i kul, ndiko kuti mtendere ndi onse. Analamula kuti buku lalikulu la Ahindu, Mahabharata, limasuliridwe m'Ciperisi kuti Asilamu adziwe zimene anansi ao akhulupirira. Mmodzi wa omasulira, Badauni, anagwira nchitoyo monyinyirika, ndipo mseri anali kulemba mbiri yodzudzula mbuye wace. Zambiri za Ibadat Khana zidziwika lero cifukwa ca mdani ameneyu.

Pamene anaterereka Akbar ndi apa. Ca m'ma 1582 anasonkhanitsa kagulu ka ophunzira omtsata iye mwini monga mtsogoleri wa mzimu, kamene pambuyo pace kanachedwa Din-i Ilahi. Ophunzira mbiri ambiri tsopano ati sicinali cipembedzo catsopano ai, koma kunali kobvuta kusiyanitsa kulemekeza Mulungu ndi kulemekeza mfumu m'kagulumo. Kazembe wace wamkulu, Man Singh, anakana kulowamo, nati iye ndi Mhindu ndipo kukhulupirika kwace mfumu ikukudziwa kale. Akbar sanamlange. Olowamo anali owerengeka, ndipo kaguluko sikanakhalitse mwini wace atafa.

Acquaviva anabwerera ku Goa m'caka ca 1583 wosatembenuza mfumu. Patapita miyezi yocepa anaphedwa pa mudzi wa Cuncolim ndi Ahindu amene Apwitikizi anawagumulira nyumba zao zopembedzeramo. Akbar anacoka ku Fatehpur Sikri m'caka ca 1585, namwalira ku Agra m'caka ca 1605. M'caka ca 1679 Aurangzeb, mwana wa mdzukulu wace, anabwezanso msonkho wa jizya.