Za Kuimirira Poimba Nyimbo ya Fuko pa Bwalo la Masewera

Mwana wa pa Manjawira, pa mseu waukulu wa M1 kumwera kwa boma la Ntcheu, amadziwa ulemu asanadziwe chilembo ndi chimodzi chomwe. Wamkulu akamuitana, iye amafika nagwada kapena kunjuta; salankhula ndi agogo ake ali chilili, ndipo kuimirira pamene akulu akhala pansi kumayesedwa chipongwe. Tsono mwana yemweyo pa tsiku la masewera a sukulu amva wenzulo, nauzidwa kuti aime njo, manja m'mbali, maso kutsogolo, ngakhale amfumu ali pompo, pakuti nyimbo ya fuko iyamba. Ulemu wa kwao umamtsitsa pansi, ulemu wa pa bwalo umamuimika. Wachiwiriwu ndi mlendo m'dziko muno, ndipo njira imene unadzera ilondoleka.

Unadza ndi Angelezi, amene anatenga dziko lino m'chaka cha 1891. Kwao, poimba nyimbo ya Mfumu kapena ya Mfumukazi, msilikali amaima chowongoka ndipo munthu wamba amavula chipewa. Asilikali a Keyala ku Zomba anaphunzira zimenezi pa perete, ana a sukulu naziphunzira pa Empire Day, tsiku la 24 May, pamene panali mipikisano yothamanga ndi kulumpha. Sikuti anthu a ku Ntcheu analibe mwambo wolonjerera ufumu. Angoni a kwa Maseko anali ndi mfuu yao ya Bayete, imene amaperekabe kwa Inkosi ya Makosi Gomani. Koma Gomani Chikuse anaphedwa ndi Angelezi omwewo mu 1896, ndipo mwana wake Philip Gomani anachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, namwalira chaka chotsatira. Kuimirira nyimbo ya Mfumukazi m'boma lotere sikukanakhala chinthu chopepuka mumtima.

Ngakhale ku Ulaya, kuimba nyimbo ya fuko masewera asanayambe si mwambo wa makedzana. Ambiri amauyambira pa 16 December 1905 ku Cardiff, pamene osewera a New Zealand anavina gule wao wa nkhondo pamaso pa anyamata a ku Wales, ndipo eni mudzi anayankha ndi nyimbo ya kwao, khamu lonse nilithira mang'ombe. Wales inapambana 3 kwa 0.

Nyimbo ya Amalawi inapezeka pa mpikisano mu 1964, ndipo amene anapeka mau ndi maimbidwe ake ndi Michael-Fredrick Paul Sauka. Chokondweretsa nchakuti inalowa ufumu wake pa bwalo la mpira. Usiku wolowa pa 6 July 1964, mbendera ya Angelezi inatsitsidwa ndipo ya Malawi inakwezedwa pa bwalo lalikulu la ku Blantyre, Prince Philip ali pomwepo. Bwalolo poyamba linkatchedwa Rangeley, kenaka Central, kenaka Kamuzu, kenaka Chichiri, mpaka dzina la Kamuzu linabwerera mu 2004. Maina anasinthasintha, nyimbo inakhala yomweyo. Timu ya dziko imene Ghana inaigonjetsa 12 kwa 0 mu 1962 inali ya Nyasaland, yopanda nyimbo yakeyake. Imene inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afrika mu 1978, pogonjetsa Zambia 3 kwa 2, inali ya Malawi, ndipo midzi ya kutali ndi tauni monga Manjawira inkamva nyimbo ya osewerawo pa wailesi ya MBC.

Komatu zaka zimenezo zinali ndi mbali ina, yosayenera kubisidwa kwa wophunzira mbiri. Kuyambira 1966 dziko linali la chipani chimodzi, ndipo mwa ngodya zinayi zimene Dr. H. Kamuzu Banda analalikira munali kumvera ndi kusunga mwambo. Apayoniya ndi anyamata a chipani ndiwo anali maso a mwambowo m'misika, m'misonkhano ndi m'mabwalo. Munthu ankaima osaphethira, koma sikunali kotheka kuzindikira amene waimira chikondi ndi amene waimira mantha, pakuti onse awiri amaoneka chimodzimodzi. Amboni za Yehova, amene chikhulupiriro chao sichiwalola kuimba nyimbo za mafuko kapena kuchitira mbendera sawatcha, analetsedwa mu 1967, makamaka pa mlandu wokana kugula makadi a chipani, ndipo mu 1972 zikwi zambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zao zitatenthedwa. Ku Zambiako, mtsikana wina wa ku Mufulira anaimitsidwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya dzikolo, ndipo mu 1967 momwemo bwalo lalikulu la milandu linakhalira kumbuyo boma. Chiletso cha m'Malawi chinachotsedwa mu 1993, ndipo malamulo aakulu a 1994 anapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. Mbendera inasinthidwa mu 2010 nibwezeredwa mu 2012, koma nyimbo ya Sauka palibe anaikhudza.

Nkhani ya ku Amereka ionetsa bwino kuti thupi sililankhula chinenero chimodzi konsekonse. Mu 2016 Colin Kaepernick, wosewera wa ku San Francisco, anakana kuimirira poimba nyimbo ya dziko lake, podandaula ndi nkhanza za apolisi pa anthu akuda. Poyamba ankangokhala pa benchi. Pambuyo pake Nate Boyer, amene adakhalapo msilikali, anamlangiza kuti kugwada nkwaulemu koposa, ndipo anayamba kugwada ndi bondo limodzi. Anthu ochuluka anapsa mtima nati wanyoza dziko, ndipo nyengo ya masewera imeneyo itatha sanalembedwenso ntchito. Koma nkhalamba ya pa Manjawira itapatsidwa chithunzi cha tsikulo, nifunsidwa kuti woleredwa bwino ndani pakati pa anyamatawo, ikhoza kuloza wogwadayo.

Mwambo wa masiku ano pa mpira wa maiko ndi wachidule. Osewera amandanda pamzere, nyimbo ya alendo iyamba, ya eni bwalo nitsatira. Oonerera amaimirira, zipewa zili m'manja, mavuvuzela ali chete. Kuika dzanja pamtima, kumene osewera ambiri amachita, ndi chizolowezi chodziwika kwambiri ndi Aamereka. Pamene khamu limalakwa kawirikawiri si pa nyimbo yake, koma pa ya alendo, ngakhale kuti bungwe la FIFA linalipiritsa Hong Kong mu 2015 chifukwa oonerera ake anakuwiza nyimbo ya China, imene ilinso nyimbo ya Hong Kong yomwe. Kwa Mmalawi kukuwiza kotere kulibe ndi pothawira pomwe, popeza nyimbo yake ndi pemphero, ndipo mwa adani atatu amene iwatchula mulibe munthu kapena mtundu wa anthu.

Mphunzitsi amene adzayang'anira masewera pa bwalo la fumbi la sukulu ya kumudzi adzaona anthu atatu osachita monga anzao nyimbo ili mkati. Adzaona agogo aakazi atakhala pansi, miyendo atatambalitsa, manja ali pamiyendo. Amenewo apereka ulemu umene unalipo Keyala asanadze. Adzaona mwana woima phee koma milomo ili yotseka, ndipo dziko linalipira kale mtengo waukulu pakati pa 1967 ndi 1993 poyesa kutsegula milomo yotereyo. Wachitatu ndi mnyamata wodunda mpira kumbuyo kwa golo, akuseka ndi anzake. Ameneyo yekha ndiye woti aitanidwe pambali masewera akatha.