Makina othamangitsa tinthu ta mu atomu: mbiri yomwe sinafikebe ku Tete

Mayi wa ku Tsangano kapena ku Furancungo, m'boma la Macanga, m'chigawo cha Tete, akamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero itakula kale, chimene chimafunika ndi cheza champhamvu chowotcha chotupacho. Dziko la Mozambique linatsegula malo ake oyamba othandizira odwala ndi cheza chotere mu 2019, pa Hospital Central de Maputo, pamtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera kumaboma awiriwa. Makina ake, otchedwa linac, sanabadwire m'chipatala. Anachokera kwa asayansi omwe ankangofuna kudziwa zomwe zili m'kati mwa atomu, ndipo mbiri yawo ikutiuza kafukufuku yemwe ife tiyenera kumutchera khutu lero.

Mu 1928, Rolf Widerøe wa ku Norway anaonetsa kuti magetsi osinthasintha angathe kukankha tinthu ta mu atomu mobwerezabwereza m'chubu chowongoka. Ernest Lawrence wa ku Berkeley atawerenga zimenezi anaganiza zopinda njirayo ndi maginito, kuti kanthuko kazizungulira n'kumalandira mphamvu ulendo uliwonse, monga mwana wa pakatungwe amene amakwera m'mwamba chifukwa omukankha akudziwa nthawi yake. Makina ake oyamba, cyclotron ya mu 1931, ankakwana m'manja. Mu 1932, John Cockcroft ndi Ernest Walton a ku Cambridge anaswa phata la atomu ya lithium ndi mapulotoni othamangitsidwa ndi makina awo. Kuchokera apo njira zinagawikana pawiri. Ina inapita kokulitsa: bungwe la CERN linakhazikitsidwa mu 1954 kufupi ndi Geneva, ndipo mu 2008 linayatsa Large Hadron Collider, mphete ya makilomita 27 ya pansi pa nthaka, imene mu 2012 inapeza kanthu kotchedwa Higgs. Pano akukambirana zokumba ina ya makilomita pafupifupi 91.

Njira inayo inalibe phokoso, koma ndiyo yapulumutsa miyoyo. Luso la radar la pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse linapereka zipangizo zomwe zinachepetsa makina owongoka aja, ndipo mu 1953 wodwala woyamba anathandizidwa ndi linac pa Hammersmith Hospital ku London. Makinawa amathamangitsa maelekitironi n'kuwawombetsa pa chitsulo cholimba, pamenepo n'kutuluka cheza cha X chimene amachilunjikitsa pa chotupa kuchokera mbali zosiyanasiyana, kuti mnofu wabwino usapse. Kumwera kwa Africa kuno, cyclotron yaikulu ya ku Faure, kufupi ndi Cape Town, yomwe lero ili pansi pa iThemba LABS, inayamba kuthandiza odwala ndi mapulotoni mu 1993. Lusaka inatsegula Cancer Diseases Hospital mu 2007. Taonani kusiyana kwake: kuchokera ku London kufika ku Maputo zinatenga zaka 66.

Kafukufuku wa lero akubweza njira ziwirizi pamodzi, pakuti nawonso okulitsa aona kuti mtengo wawakulira. Asayansi akuyesa kuthamangitsa maelekitironi pa funde lopangika mu mpweya wotentha kwambiri wotchedwa plasma. Mu 2019 a ku Berkeley anafika pafupifupi 8 GeV m'masentimita 20 okha, mphamvu yomwe makina akale amaipeza pa mamita mazanamazana. Ku Lausanne, mu 2018, wodwala woyamba analandira chithandizo cha FLASH, chopereka cheza chonse m'kuphethira kwa diso. Koma kwa ine ntchito yofunika koposa ndi ya STELLA, yomwe CERN ikutengamo mbali, yofuna kupanga linac yopirira magetsi ozimazima ndi kusowa kwa amisiri. Makina ambiri omwe ali pamsika anapangidwira zipatala zomwe wokonza amafika tsiku lomwelo, ndipo kwathu kuno kachitsulo kamodzi kakafa odwala amadikira miyezi.

Ena anganene kuti dera lomwe likulimbana ndi malungo ndi madzi akumwa lisamalote za makina otere. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo katemera wa HPV woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero ndi kuyeza amayi msanga ziyeneradi kutsogola. Komabe katemera sachiza mayi amene wadwala kale, ndipo pafupifupi theka la odwala khansa amafunika cheza panthawi ina. Ena amati makina a cobalt-60 ngokwanira popeza safuna magetsi ambiri. N'zoona kuti ngolimba, koma mphamvu ya mwala wake wotulutsa cheza imatsika ndi theka pa zaka zisanu zilizonse, ndipo kuusintha, kuulondera ndi kuutaya kumadya ndalama. Za magetsi ndiye sizingakhale chifukwa m'chigawo cha Tete: damu la Cahora Bassa lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa magetsi ake amapita ku South Africa.

Chosowa chenicheni ndi anthu. Linac imafuna katswiri wa fizikisi woyeza mlingo wa cheza, injiniya wokonza ndi dokotala wa khansa, ndipo aliyense wa iwo amatenga zaka zambiri kuti aphunzire. Akuluakulu a chigawo cha Tete ayambe tsopano kutumiza ana a ku Tsangano ndi ku Macanga okhoza masamu kukaphunzira ntchitozi, ndipo aumirire kuti chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete chikhale pamndandanda wolandira makinawa.